Sabata yachitatu: Kesey, Goffman ndi kapepala kamene ndang'amba

Usiku wathawu ndamaliza kuwerenga kachiwiri One Flew Over the Cuckoo's Nest, buku la Ken Kesey la mu 1962. Kwa inu amene mwangondipeza kumene, ndikaweruka kuntchito ndikumalemba timapepala tothandiza ophunzira kuyerekeza bukuli ndi maphunziro ena. Ndikufuna tikwane khumi. Pano ndalemba tinayi, ndipo kamodzi ndang'amba.

Poyamba paja maso anga onse anali pa McMurphy, mkaidi wosamva kamutu amene wasamutsidwira kuchipatala cha anthu odwala maganizo, ndi phokoso lake. Ulendo uno chomwe chandigwira mtima ndi kabuku kamene kamakhala m'chipinda cha odwala, m'chipatala cha anthu odwala maganizo ku Oregon. Wodwala akamva mnzake ataulula chinsinsi, amakachilemba m'kabukumo, ndipo mphoto yake ndi kudzuka mochedwa mawa lake. Basi. Namwino Ratched sagwira chikoti, salalata, amangomwetulira, odwalawo nkumalondana okhaokha. Ndiye pali tsiku lija la voti yoonera mpira wa baseball pa wailesi ya kanema. Manja 20 akwezedwa mwa anthu 40, Ratched nkuti sanapose theka. Chief Bromden, wodwala amene wakhala zaka akudziyesa wosamva ndi wosalankhula, akweza lake, Ratched nkuti msonkhano unatsekedwa kale. Lamulo salithyola ayi, amangoligwira kumpini.

Apa ndi pomwe Erving Goffman, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, walowa bwino kwambiri. Buku lake Asylums linatuluka mu 1961, atakhala pafupifupi chaka akuona moyo wa pachipatala cha St. Elizabeths ku Washington. Iye akufotokoza malo amene munthu amagona, kudya ndi kugwira ntchito pansi pa ulamuliro umodzi, nthawi ya chilichonse yoikiridwa ndi ena: ndende, kambi ya asilikali, sukulu yogonera konko. Ukangolowa amakulanda zovala zako ndi katundu wako, umunthu nkumaperepeseka pang'onopang'ono. Wophunzira amene anagonapo ku hositelo sangavutike kumva zimenezi. Kapepala aka kandikomera, ndakalemba mbali zonse ziwiri.

Kamene ndang'amba ndi ka kafukufuku wa Philip Zimbardo ku yunivesite ya Stanford mu 1971, pomwe ophunzira anagawidwa kukhala alonda ndi akaidi m'ndende yongoyerekeza, zinthu nkuimitsidwa patatha masiku 6 m'malo mwa masabata awiri. Nkhaniyi imakoma kukamba, n'chifukwa chake ndinaithamangira. Koma alondawo anachita kulangizidwa kuti akhale ouma mtima, ndipo nkhanza zake zinali za poyera. Sizikufanana ndi za Ratched. Madzulo awiri anapita pachabe.

Stanley Milgram ndamusunga. Pa kafukufuku wake ku yunivesite ya Yale, anthu ankauzidwa kulanga munthu wina ndi mphamvu ya magetsi, osadziwa kuti ndi zongoyerekeza, ndipo 26 mwa 40 anamvera mpaka pa batani lomaliza la mphamvu ya magetsi ya ma volt 450, chifukwa chakuti munthu wovala chovala cha akatswiri amawauza mofatsa kuti apitirize. Kufatsa kumeneko ndi komwe ndikufuna ophunzira akuone.

Chandisowetsa tulo ndi ichi: McMurphy atulukira kuti ambiri mwa anzake aja sanatsekeredwe ndi khothi, anabwera okha, ndipo atafuna akhoza kusaina nkumapita. Koma sapita. Kapepala kachisanu kakhala ka funso limeneli, ndipo pakadali pano pali mutu wokha.