Laisensi yogulitsa makombola chaka chonse yatuluka

Abale ndi alongo, makasitomala athu okondedwa kuno ku Leicester, ku Mangalande, khonsolo yatipatsa laisensi yogulitsa makombola chaka chonse. Pepalalo timalipira £500 pa chaka, koma thukuta limene lakhetsedwa kuti tifike pamenepa ndi ine ndi mayi a kunyumba amene tikulidziwa.

Tinayamba ndi kashopu ka ufa, nyemba ndi usipa wouma. Diwali, chikondwerero cha nyali cha Ahindu, ikamayandikira, anzathu achimwenye a ku Belgrave Road ankafunsa ngati tili ndi makombola, ndipo tinaona kuti msika ulipo. Kuno sungangounjika makatoni kuseri kwa kauntala. Malamulo a Explosives Regulations 2014 amafuna chiphaso chosungira katunduyu. Ofesala wa khonsolo anabwera, n'kugwedeza loko wa kabati yathu yachitsulo, kuyang'ana mawaya a magetsi, n'kutiuza kuti zigubu za mafuta ophikira zikhale kutali. Chiphaso chinatuluka, koma chokhacho chimakulola kugulitsa kuyambira pa 15 Okutobala mpaka pa 10 Novembala, pa 26 mpaka pa 31 Disembala, komanso pa Diwali ndi chaka chatsopano cha Matchaina pamodzi ndi masiku atatu a m'mbuyo mwake.

Masiku ochepawa ndi amene anatsala pang'ono kutigwetsa. Tinakongola ndalama pa chiwongoladzanja chowawa, n'kulipiriratu kampani ina yopikulitsa. Katundu anafika Bonfire Night ya pa 5 Novembala, usiku umene anthu kuno amaphulitsa makombola, itadutsa kale, anthu atagula kwina. Pa 11 tinakhoma kabati ili yodzaza. Wangongole ankaimba foni m'mawa ndi madzulo. Mayi a kunyumba anayamba kugwira mashifiti a usiku kosamalira okalamba, n'kumabwera mapazi atatupa kudzakhala pa kauntala. Ena ankatinong'oneza kuti tizigulitsira kukhomo lakuseri, palibe adziwe. Tinakana. Kugulitsa mozemba kungakulowetse m'ndende miyezi isanu ndi umodzi, komanso dzina la Mmalawi likada pano, ladetsa tonse. Inu amene munatichedwetsera katundu, n'kumaleka kuyankha foni, sitikutchulani, koma khobidi lathu simudzalionanso.

Zikomo kwa Mulungu poyamba. Zikomo amayi a m'gulu lathu la chipereganyu, munatilola kulandira isanakwane nthawi yathu. Zikomo achimwene amene munkatinyamulira katundu pa vani yanu osafunsa ya mafuta. Akumpingo, munatipempherera komanso munkagula ufa wathu ngakhale kwina unali wotsikirapo. Aneba athu achimwenye, munabweranso pa 26 Disembala n'kutigula katundu yense uja. Ana athu, munapirira Khirisimasi yopanda mphatso.

Tsopano amene muli ndi ukwati, chinkhoswe kapena phwando la pa 6 Julaye, simudikiranso Okutobala. Tili ndi makombola a gulu la F2, oyenera pabwalo la pakhomo, ndi a F3 amene amafuna malo aakulu, owonera ataima mamita 25. Onse ali ndi chizindikiro cha CE kapena UKCA, chosonyeza kuti anakwaniritsa malamulo a chitetezo. Timitengo tothetheka tija ta ma sparklers tiliponso, koma chonde, mwana wosakwana zaka zisanu musamugwiritse, ndipo pafupi pakhale ndowa ya madzi. Zotulutsa utsi wamitundu zojambulitsira zithunzi zilipo, koma kulowa nazo m'bwalo la mpira ndi mlandu, ndiye wotiuza kuti akupita nazo ku King Power, bwalo la timu ya Leicester City, sitimugulitsa.

Wosakwana zaka 18 sitimugulitsa, ngakhale atumidwe ndi bambo ake, choncho tengani chitupa. Kuphulitsa kumalekeza 11 koloko usiku, kupatula pa Bonfire Night pamene ndi 12 koloko, ndi pa Diwali, chaka chatsopano ndi cha Matchaina pamene ndi 1 koloko. Oda ya ukwati iperekeni msanga kuti tikusungireni, ndipo mukabwera mutengeretu ndi ufa, wafika watsopano.