Sabata yomwe ndinakalipira agogo ku OPD

Lamulungu lapitalo abusa analalikira pa Yohane 13, paja Yesu anadzuka pa chakudya, kuvula chovala chake, kumanga nsalu m'chiuno nkuyamba kusambitsa mapazi a ophunzira ake. Ine ndinakhala benchi yakumbuyo pafupi ndi chitseko poti ndinali nditangoweruka pa naiti, maso ali psuu, nde ndisaname, mumtimamu ndinkangoti abusa inu, mapazi nde chani? Mudzabwere ku leba wodi tsiku limodzi mudzaone zomwe timasambitsa ife. Ulaliki wonse ndinaumva ngati wa anthu ena, ine mayeso amenewo ndinakhoza kalekale. Zaka 9 ndili pa unamwino ndi uzamba, magazi, masanzi ndi zina zosatchulika zonse zinadutsa m'manja mwangamu.

Chipatala chathu ndi chaching'ono, cha mishoni, chimodzi mwa zija zili pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, kumudzi ndithu komwe mvula ikagwa masiku awiri minibasi sifika. Tili ndi kilinikolo ofisala mmodzi yemwe aliyense amangoti adokotala, anamwino tilipo atatu kuwerengera a sisita, kenako mai okolopa awiri ndi alonda. Mmawa uliwonse tisanatsegule timayamba ndi mapemphero pakhonde, ife ndi odwala pamodzi, nyimbo imodzi, vesi, pemphero, ndipo timasinthana potsogolera. Lachisanu linali langa, nde ndinali nditakonzeratu kuti ndidzabwereza Yohane 13 yomweyo koma mwaunamwino, anthu adziwe kuti ife timatumikiradi.

Lolemba inali sikelo ya amayi oyembekezera, ndipo mu February muno mzere umayambira pakhonde mpaka pansi pa mtengo wa mango. Ntchito yake ndi yobwerezabwereza, kupima BP, kuyeza mimba ndi tepi, kumvetsera mtima wa mwana, kulemba m'buku la kuchipatala, wotsatira. Fansida, mankhwala owateteza ku malungo, timawamwetsa pompo tikuona, mapiritsi atatu ndi kapu ya madzi, chifukwa ukangowapatsa kuti akamwere kunyumba ena amakabisa kudenga ati amachititsa chizungulire. Amene abwera koyamba timawayeza magazi ndipo akapezeka ndi kachilombo amayamba ma ARV osadikira kuti adwale kaye, njira imeneyi inayambira ku Malawi konkuno mu 2011 mayiko ena nkumadzatengera kwa ife, ndipo ine ndimainyadira chifukwa ana omwe ndawalandira ndi manja angawa nkudzapezeka alibe kachilombo pomwe amayi awo ali nako ndi ambiri zedi. Neti timaperekanso, ngakhale ndimadziwa bwinobwino kuti ina ikathera ku dimba kutchinga nkhuku pa nazale ya tomato.

Lachiwiri panalibe nkhani, malungo okhaokha. Kubaya chala, kudontheza magazi pa kachipangizo, kudikira, mizere iwiri ikaoneka ndiye kuti ndi malungo, nkupereka mankhwala a LA. Mawu oti kawiri pa tsiku kwa masiku atatu ndipo musasiyire panjira ngakhale mwana ayambe kusewera ndinawanena mpaka kukhosi kuuma.

Nkhani inachitika Lachitatu. Adokotala anapita ku msonkhano ku boma nde OPD, komwe timaonera odwala osagonekedwa, inagwera ine, nthawi ili cha m'ma 3 masana ndisanaike kanthu mkamwa kupatula tiyi wammawa, pabenchi padakali anthu. Kenako ndinangomva anthu akuti apatseni njira, apatseni njira. Analowa agogo ena ochepa thupi, matope mpaka m'maondo, mwana ali kumbuyo mutu uli lende. Titamutsitsa mwanayo, wa zaka ziwiri mwina, thupi linali ngati mbaula, maso atatembenuka, dzanja ndi mwendo zikugwedezeka zokha, zikhatho zoyera mbuu ngati pepala. Nditamuvula kamalaya ndinapeza mphini zatsopano pachifuwa ndi m'mbali mwa mutu, zitapakidwa mankhwala akuda. Ndinafunsa kuti wayamba liti, agogo aja akuti Loweruka.

Apo nde ndinaphulika. Ndinati Loweruka! Lero ndi Lachitatu agogo, masiku onsewa munali kuti? Ndalama yopita kwa asing'anga munali nayo koma ya kuchipatala ayi? Akatisiya pano muziti anesi apha mwana! Ndinayankhula mokweza, chitseko chili chotsegula, benchi yonse ikumva. Agogo aja anangogwada pasimenti nkuti pepani anesi, basi, osawonjezera liwu.

Pakamwa pakukalipa manja amagwira ntchito yake. Ndinamugoneka chammbali, ndinamupatsa mankhwala oletsa kukomoka, ndinayeza shuga nkupeza watsika nde ndinakonza zimenezo, malungo mizere iwiri yakuda bii, jakisoni wa artesunate wa malungo aakulu, dilipi, kalata yotumiza ku chipatala cha boma chifukwa mwanayo amafunika kuwonjezeredwa magazi ndipo kwathu kuno sitiika magazi. Ku OPD kwathu anthu amalipira kangachepe, ndi amayi oyembekezera omwe salipira chifukwa cha mgwirizano wa chipatala ndi boma, koma a sisita atamva anangoti lembani ngongole, mwana kaye. Wina atatenga fayilo ya mwana ameneyo nkuiwerenga sangapeze cholakwika ngakhale chimodzi. Ndipo uthenga womwe ndinanenawo sindikuubweza ayi, kuchedwa kumapha ana, malungo a mwana wamng'ono sadikira kuti mukambirane kaye pabanja, zimenezo ndidzanenabe mawa ndi mkucha. Chomwe chinandisowetsa mtendere ndi choti ndinafunsa funso loti munali kuti koma yankho lake sindinalifune.

Ambulansi inatenga maola awiri ndi kanthu isanafike. Mwana atakhazikika ndinatuluka kuti ndikasambe m'manja pa mpopi wakuseri, nde ndinapeza mai okolopa aja, aakuluwo, omwe Lachinayi lililonse amapempha kuweruka msanga kuti akafike ku Mvano, atakhazika agogo pa njerwa, beseni lili pansi, akuwatsuka matope m'miyendo ndi kasopo kawo komwe. Atandiona anati anesi tabwerani muone phazi ili. Pansi pa phazi lamanzere panali bala lalitali, lozama ndithu, mchenga uli mkati, kaya linali botolo kaya chitsa. Agogo aja anayenda nalo choncho mwana ali kumbuyo ndipo ine maola awiri onse ndinali nawo mchipinda chimodzi osaona kuti akutsimphina.

Bala la pansi pa phazi sungalitsuke utaimirira, nde ndinapita kukatenga magolovesi, thonje ndi bandeji nkudzagwada pamatope pomwepo yunifomu yoyera ili mthupi. Ndikutsuka, mai aja amandiuza nkhani yomwe anali ataimva kale pongofunsa bwinobwino. Mtsinje wa pakati pa mudzi wawo ndi msewu unadzaza kuyambira Lamulungu, a kabaza onse anakana kuwoloka, asing'anga ali tsidya lomwelo la kwawo ndipo amalandira ngakhale mbale ya chimanga. Mayi a mwanayo anamwalira chaka chatha, bambo ake anapita ku Joni ndipo foni yawo inasiya kupezeka. Lachitatu mmawa agogo anagulitsa nkhuku yawo yoikira, nkuwoloka madzi ali mchiuno anyamata awiri atawagwira manja, ndalama ya nkhukuyo nkuthera kwa anyamatawo ndi njinga yomwe inawasiya panjira tayala litaphwa.

Mukuganiza ndinapepesa? Ayi ndithu. Ndinamanga bandeji, ndinawabaya jakisoni wa kafumbata, ndinati musaliponde m'madzi. Mawu oti pepani anafika pakhosi nkubwerera. Ife anamwino tili ndi kamtima kena, tinazolowera kuti odwala ndi amene amatigwadira, ndipo anthu akamadandaula pa wailesi kuti anesi ndi achipongwe timathamangira kunena kuti sadziwa mmene timatopera. Kutopako ndi koona, munthu mmodzi kugwira ntchito ya anthu atatu. Koma mai okolopa aja nawo anayamba ntchito 6 koloko mmawa, malipiro awo safika ndi theka la anga lomwe, ndipo masanzi a mwana uja anakolopa ndi iwowo.

Usiku umenewo tulo sitinabwere bwino. Ndinkangokumbuka 1 Akorinto 13, paja Paulo amanena kuti munthu atha kugawa chuma chake chonse kwa osauka, ngakhale kupereka thupi lake lomwe, koma ngati alibe chikondi sapindula kanthu. Vesi imeneyi ine ndinkaidziwa ngati ya pa ukwati, yowerengera akwati atavala zoyera. Sindinaganizepo kuti ikunena za munthu yemwe wapereka jakisoni woyenera pa nthawi yoyenera.

Lachinayi ndinalowa naiti. Cha m'ma 1 koloko magetsi anazima, sola yathu batire yake inatopa kalekale imangogwira kanthawi, nde ndinatsala ndi tochi ya pafoni, ndipo nthawi yomweyo mtsikana wa mimba yoyamba yemwe ndinkamuyang'anira kuyambira madzulo anafika poti achire. Foni ndinapatsa mai okolopa omwe aja kuti aziunika. Mwana anatuluka ali lobodo, osalira, osapuma. Pamenepo timaphunzitsidwa kuti uli ndi mphindi imodzi yokha, kumupukuta mwamphamvu, kumusisita kumsana, akapanda kuyankha kudula mchombo nkumuika kachigoba kopumira pamphuno ndi pakamwa nkuyamba kufinya. Ndinafinya, kuyang'ana ngati chifuwa chikukwera, kufinyanso, mayi ake akufunsa kuti anesi mwana wanga bwanji sakulira, apongozi ake panja pa chitseko ayamba kale kusisima.

Anthu ena kutchalitchi amandifunsa kuti inu a chipatala mumakhulupirira Mulungu kapena mankhwala. Ine pa nthawi ngati imeneyo pemphero langa silikhala lalitali, ndi Ambuye thandizeni basi, kubwereza mogwirizana ndi kufinyako, ndipo sindinaonepo kuti ziwirizi zikulimbana. Kusiya kufinya kuti ndikweze manja kumwamba kungakhale kupha mwana, komanso ndafinyapo ana ena chimodzimodzi, mwaluso lomwelo, osadzuka, nde sindinganame kuti mpweya umachokera m'manja mwanga. Uyu anayamba ndi kakutsokomola, kenako kulira kwenikweni kokwiya. Mai aja tochi ikunjenjemera m'manja anangoti zikomo Yesu, ine nkuti mai unikani kuno sitinamalize, mayiyu akufunika jakisoni woletsa kutaya magazi. Tinaseka titamaliza zonse cha m'ma 3, tikumwa tiyi wopanda mkaka mumdima.

Lachisanu mmawa ndisanakagone inali nthawi yanga ija yotsogolera mapemphero. Kapepala ka Yohane 13 kanali mthumba, mfundo zitatu zokonzedwa bwino. Nditaimirira ndinaona mai okolopa ali kumapeto atatsamira mopu, nde ndinangoyambitsa nyimbo, nkupempha a sisita kuti atipempherere. A sisita anandiyang'ana modabwa poti amandidziwa kuti ndikagwira Baibulo sindimva belu. Masana adalaivala a ambulansi atabwera kudzatenga mayi wina anandiuza kuti mwana uja anamuika magazi usiku womwewo ndipo watsitsimuka, akumwa phala.

Dzulo Loweruka madzulo ambulansi pobwera inawatenga agogo aja, anawatulutsa kuti akamalizire LA kunyumba. Anatsikira kwathu kuno chifukwa anasiya kapoto ndi chitenje kukhitchini ya ma gadiyani, komanso kuti ndione bala lija. Mwana anali kumbuyo, wofooka koma maso ali gwa, akundiyang'ana mokayika ngati akukumbuka jakisoni. Ndinawakhazika pampando, ine nkukhala pa kasitulu, phazi lili pamwendo panga, ndipo ndikumasula bandeji ndinalimba mtima nkuti agogo, tsiku lija ndinakulakwirani, ndinakuyankhulani mwachipongwe pagulu, pepani ndithu.

Anandiyang'ana kanthawi nkuti iii anesi, munandikalipira eti? Ine sindinamve mwanangu, ndimangoona manja anuwo ngati mwana adzuke. Kaya sanamvedi kaya anangofuna kundipeputsira katundu, nkhope yawo sinaulule. Anafunsa za ngongole ija ndinati mudzabwere mukakolola, a sisita anatero. Kenako anamasula kansalu nkutulutsa nthochi zinayi zomwe munthu wina anawagawira ku wodi, ine nkuyamba kale kukonza mawu okana mwaulemu, aaa agogo musavutike, mupatseni mwanayu. Iwo akuti ayi anesi, izi mukawapatse mai aja ananditsuka miyendo, sindikuwaona lero.

Anali pa ofu. Ndinadutsira kunyumba kwawo poweruka, ndinawapeza akuchapa bulauzi yoyera ya Mvano, ndinapereka nthochi zija nkufotokoza komwe zachokera. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje, nkuthyola imodzi kundipatsa.