-na- wa Chiswahili si -na- wathu uja

Miyezi iwiri yathunthu pophunzira Chiswahili ndakhala ndikumva ninasoma ngati "ndinawerenga". Khutu langa likangomva -na- limathamangira dzulo, poti kwathu ndinapita, ndinadya, ndinagona ndi zakale. Lachitatu usiku m'pamene maso anatseguka: kwa Aswahili -na- ndi wa zimene zikuchitika panopa. Ninasoma ndiye kuti ndikuwerenga. Zadzulo amaika -li-, nilisoma, chomwenso chinkandisokoneza chifukwa nili- amamveka ngati "ndili".

Choseketsa chili pokana. Sikusoma ndinkalimasulira kuti "sindikuwerenga", poona -ku- wakhala pakati ngati wathu. Ayi ndithu, ndi "sindinawerenge". Akafuna kukana za panopa amati sisomi, -na- n'kuthawa, -a wakumapeto n'kusanduka -i. Ndiye taonani, -na- wathu ndi wa dzulo, wawo ndi wa lero. -Ku- wathu ndi wa lero, wawo pokana ndi wa dzulo. Tinangosinthana mipando basi. Nditalemba zimenezi pakope ndinaseka ndekha mpaka mlongo wanga anafunsa ngati ndili bwinobwino.

Zotsalazo zinangoyenda zokha. Nimefika ndi ndafika, nimechoka ndi ndatopa (osati ndachoka, chenjerani), nitakuona ndi ndidzakuona, -ku- wa "iwe" ali pamalo pomwe timamuika ifenso.

Chondipweteka ndi nthawi yomwe ndataya. Buku lomwe tikugwiritsa ntchito analembera anthu olankhula Chingerezi, ndipo aphunzitsi athu amalitsatira tsamba ndi tsamba. Masabata atatu akutifotokozera kuti mtu amakhala watu, kitu chimakhala vitu, ngati kuti sitinabadwe tikunena munthu ndi anthu, chinthu ndi zinthu. Nyumba, nyama, moto, mbuzi, tinapatsidwa kuti tiloweze pamtima! Msampha wa -na- uja sanautchulepo ngakhale kamodzi, pakuti Mngelezi sangagweremo.

Tsopano Chingerezi ndachichotsa m'kope langa. Ndimalemba mneni wa Chiswahili, pansi pake wa Chichewa, n'kuwadula zidutswa: ni-ta-ku-ona, ndi-dza-ku-ona. Ndikuona ngati aliyense wolankhula Chichewa atatero, m'mwezi umodzi akhoza kutsatsa malonda ku Kyela, ku Tanzania, osafuna womasulira. Mwina ndikukokomeza, koma njirayi sinandigwiritsebe mwala, kupatula pa mawu ochokera ku Chiarabu monga kusafiri ndi kujibu, omwe sathera ndi -a ndipo alibe m'bale kwathu.

Pomwe ndaima ndi pa hu-. Hu- wa husoma ndi -ma- wathu, wa amawerenga, koma sanena kuti akuwerengayo ndani. Husomi ndi "sukuwerenga". Papepala ndimazisiyanitsa. Kaya ndidzazimva pamene wogulitsa nsalu ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam akulankhula mothamanga, ine ndili kalikiliki kuwerengera kuti saa moja (ola loyamba) ndi 7 koloko, kaya.