Ndinajambula mkonono wa mwana wanga n'kupita nawo kuchipatala

Mwana wanga wachiwiri anamupeza ndi sickle cell, matenda a magazi obadwa nawo, ali ndi zaka 3. Pomwe ankafika Sitandade 3 ndinkadziona ngati matendawa ndawadziwa: maso achikasu, mafupa kuwawa kukazizira, mapiritsi a folic acid tsiku lililonse, neti ya udzudzu, botolo la madzi m'chikwama. Za tulo take sindinkaziganizira n'komwe.

Anandidzutsa maganizo ndi aphunzitsi ake. "Mayi, mwanayu si wopulupudza ayi," anatero, "koma ikamakwana 10 koloko amakhala akusinza. Zomwe taphunzira Lolemba, pofika Lachitatu zauluka." Kunyumba agogo ake ankati ndi ulesi. Inenso ndinamukalipirapo kangapo, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Usiku umenewo sindinagone. Unali mwezi wa June, kuno ku Luchenza chiperoni chikuwaza. Ndinakhala pambali pa mphasa yake ndi tochi. Mkononowo tinauzolowera, tinkati watengera bambo ake. Koma nditatchera khutu ndinamva zina. Amaliza mkonono, kenako zii, chifuwa chikukoka koma mpweya osalowa, ndiye n'kudzidzimuka ngati watsamwa, n'kutembenuka. Pakamwa pali yasa, m'khosi thukuta, kunja kukuzizira chonchija. Pofika m'bandakucha mphasa inali itanyowa.

Ngati wanu amatero, yambani ndi foni. Dokotala amamuona mwana masana ali maso, sadziwa zochitika pakati pa usiku. Ine ndinajambula kavidiyo ka mphindi ziwiri, chifuwa chikuoneka bwino. Kwa milungu iwiri ndinkalembanso kumapeto kwa kope: wagona nthawi yanji, wadzuka kangati, chifukwa cha ululu kapena kubanika, wakodza pogona kapena ayi, wadzuka mutu ukupweteka kapena ayi. Ndinapempha aphunzitsi nawonso alembe mizere iwiri ya zomwe amaona m'kalasi. Zonsezi ndinazipinda m'buku lake la kuchipatala.

Tsiku la kiliniki anamupana kachipangizo pachala koyezera okosijeni, kanaonetsa bwinobwino. Ndikanakhala chete tikanangolandira mankhwala n'kubwerera. Ndinati, "Adokotala, taonani kaye izi." Anaonera kawiri, n'kumuuza mwana kuti ayasamule.

Anandifotokozera kuti ana ambiri a sickle cell amakula tinyama ta kukhosi totchedwa ma tonsils komanso tinyama tina ta kuseri kwa mphuno, ndipo akagona njira ya mpweya imachepa. Okosijeni akatsika, maselo ofiira amapindika ngati chikwakwa n'kumatsekereza timitsempha ting'onoting'ono. Kumbukirani kuti mwanayo magazi ndi ochepa kale, poti maselo ake amakhala masiku 10 mpaka 20 pomwe a munthu wina amafika 120. Ndiye ubongo womwe ukukulawo ukuperewedwa mpweya usiku, tulo natonso n'todukaduka, pamene mwana wa msinkhu wa sukulu amafunika maola 9 mpaka 12. Angakumbukire bwanji ma times table?

Za kukodza pogona anandimasula mtima. Impso za ana amenewa zimatulutsa mkodzo wambiri, si mwano kapena uve. Ndipo anandiletsa kumumana madzi, poti thupi likauma ululu umayamba. Ine ndinali nditayamba kale kumubisira kapu madzulo.

Anatipatsa kalata yopita ku Queens ku Blantyre. Nyamukani kusanache, mwana mum'funditse bwino chifukwa mphepo ya m'minibasi njira ya ku Limbe si yabwino kwa iye, ndipo tengani madzi ndi kamba. Kumeneko madokotala a makutu, mphuno ndi khosi anamuona n'kugwirizana zochotsa tinyamato. Sanathamangire. Anayamba amuyeza magazi, n'kumuwonjezera ena opaleshoni isanachitike, chifukwa mwana wa sickle cell sagonekedwa tulo ta opaleshoni mwachisawawa. Usiku womudikira pabenchi uja sindidzauiwala.

Muli komweko, funsani zinthu ziwiri. Choyamba ndi hydroxyurea, mankhwala omwe amachepetsa kupindika kwa maselo, ngati mwana wanu akuyenera kumwa. Chachiwiri ndi sitiroko. Ilipo ina yomwe sipotoza pakamwa kapena kupha dzanja, imangosiya kachipsera mu ubongo, mwana n'kuyamba kuiwalaiwala ndi kuchedwa kumva zinthu. Palinso njira yoyezera liwiro la magazi m'mitsempha ya m'mutu, yotchedwa TCD, yomwe imathandiza kuzindikira msanga mwa ana a zaka 2 mpaka 16 omwe ali pachiopsezo cha sitiroko. Funsani komwe mungaipeze. Koma mukaona dzanja kapena mwendo wafooka mwadzidzidzi, kapena lilime likulemera, musadikire tsiku la kiliniki, thamangani nthawi yomweyo.

Titabwerako ndinapitanso kusukulu. Ndinapempha kuti azikhala kutsogolo, kutali ndi zenera lopanda galasi lija, aziloledwa kumwa madzi ndi kupita kuchimbudzi osachita kuchonderera, ndiponso azimuuza chinthu chimodzi akamaliza kenako china. Aphunzitsiwo anavomera ndi mtima wonse.

Mkonono unatha. Masamu akadali kumuvuta, Sitandade 3 anabwereza, ndipo masiku ena mphasa timayanikabe padzuwa. Sabata yatha ndinamutuma kugolosale kukagula sopo, mchere ndi machesi osamulembera papepala. Anabwera nazo zonse zitatu, ndi chenji chomwe.