Magazi a agogo anaswekera m'cooler box

Lolemba ndi Lachiwiri ku labu kwathu kunalibe chachilendo: viral load, malungo, ndi magazi a kafukufuku wa microRNA, wofufuza zizindikiro za ukalamba m'magazi, ochokera m'midzi yapafupi ndi boma. Onse analowa m'centrifuge, makina opukusa magazi kuti plasma (madzi a m'magazi) ilekane ndi maselo, pasanathe maola awiri. Lachitatu ndi limene linapweteka.

Gulu lathu linawolokera ku East Bank, tsidya la kum'mawa kwa mtsinje wa Shire, kukakumana ndi nkhalamba zimene mafumu anamema. Pofika 9 koloko magazi anali atatengedwa, koma galimoto yoti iwathamangitsire ku labu inali itaperekeza akuluakulu ku msonkhano. Bokosi linafika dzuwa litapendeka, Novembala wa kuchigwa kuno, kutentha kutadutsa madigiri 40. Wina pofuna kuthandiza anagoneka machubu pa ma ice pack ouma gwa, popanda ngakhale katoni pakati. Maselo ofiira akaundana ndi kuzizira amasweka, ndiye plasma inatuluka yofiirira m'malo moti ikhale yachikasu. Machubu oyenera, a EDTA (mankhwala oletsa magazi kugwirana), nawo anathera panjira chifukwa oda ya mwezi watha sinasainidwe, ndipo anthu otsalawo anawatengera m'machubu obiriwira, okhala ndi heparin m'malo mwa EDTA. Heparin imatsatira RNA mpaka kumapeto kwa extraction (kuitulutsa m'plasma) n'kukatsekereza RT ndi PCR, njira zimene timayezera RNAyo. Heparinase, yophwanya heparinyo, tilibe.

Kwa akuofesi, magazi ndi magazi basi. Chimene sadziwa n'chakuti tikusaka microRNA (miR), tizidutswa ta RNA ta ma nucleotide (timagawo topanga RNA) pafupifupi 22, tosapanga puloteni. Tizidutswati tikadulidwa ndi puloteni ya Dicer timakwera pa puloteni ina, Argonaute, ma nucleotide a 2 mpaka 8 n'kukakowa mRNA (uthenga wopangira puloteni) chakumapeto kwake, ku 3' UTR, ndipo mRNAyo imaphwanyidwa kapena imaleka kuwerengedwa. Kamodzi kokha kangathe kugwira ma mRNA mazanamazana. Koyamba, lin-4, anakapeza a Victor Ambros ndi anzawo mu 1993 m'kanyongolotsi ka C. elegans, ntchito imene inawapatsa Nobel mu 2024 limodzi ndi a Gary Ruvkun. Munthu akamakalamba, miR-34a imakwera m'ziwalo zingapo n'kupondereza jini ya SIRT1, pomwe miR-21 ndi miR-146a zimayendera limodzi ndi kutupa kwa pang'onopang'ono kobwera ndi ukalamba. Ntchito ya miR-146a ndi kugwira majini a IRAK1 ndi TRAF6 kuti kutupako kusapyole malire.

Kusiyana kumene timayembekezera n'kochepa, ndipo kusiyana kwa Cq imodzi yokha (nambala imene PCR imatipatsa) ndiye kuwirikiza kawiri. Tsono maselo ofiira n'ngodzaza ndi miR-451a ndi miR-16, ndipo miR-16 yomweyo ndi imene ambiri amayezerapo zinzake. Akasweka, muyezo womwewo wasuntha. Ma platelet, timaselo tothandiza magazi kugwirana, nawo akazizidwa amadzuka n'kutaya miR-223, miR-126 ndi miR-21 imene tikuifunayo.

Chokwiyitsa kwambiri n'chakuti kuwonongekaku kumagwera mbali imodzi. Achinyamata oyerekezera nawo timawapeza pafupi, mitsempha ili poyera, singano ya 21G n'kutha. Agogo amakhala kutali, amafika atayenda padzuwa osamwa madzi, mitsempha itabisala. Wotenga magazi amathawira ku singano yopyapyala ya 23G ndi sirinji, tourniquet yomanga pamkono imakhala kupitirira mphindi imodzi, kenaka magazi amawakankhira m'chubu kudzera m'singano momwemo. Onjezani maola a pamsewu. Graph idzaonetsa kusiyana kokongola pakati pa achinyamata ndi okalamba, wina adzalemba kuti wapeza chizindikiro cha ukalamba, pomwe chimene tayeza ndi mtunda wochokera kumudzi kufika ku labu.

Lachinayi linathera kusankha. Tinapukusa pa 1,900 g kwa mphindi 10 pa madigiri 4, kusiya plasma pang'ono pamwamba pa buffy coat (kamzere ka maselo oyera ndi ma platelet), n'kubwerezanso pa 16,000 g. Diso silokwanira, chifukwa plasma yooneka bwino imathanso kukhala yoipitsidwa. Iliyonse yodutsa 0.2 pa 414 nm, pa makina oyeza kufiira kwa plasma, inaikidwa pambali, ndipo pamene Cq ya miR-23a kuchotsapo ya miR-451a inapitirira 7 tinalemba kuti yakanidwa. M'machubu obiriwira aja cel-miR-39, imene timathiramo dala kuti tione ngati kuyeza kukuyenda bwino, inatuluka mochedwa, monga mmene aliyense akanayembekezera. Masana magetsi anathima, jenereta ilibe dizilo, firiji ya -80 ili kulira, ndipo tinangomata pepala pachitseko kuti aliyense asaitsegule.

Lachisanu linali la mafomu. Nkhalamba zambiri sizidziwa chaka chobadwa, ndipo pa ziphaso zina za m'kalembera wa 2017 zaka zake n'zongoyerekeza, choncho timafunsa ngati pa njala ya 1949 anali atabadwa, kapena anali atayamba kale kubereka mwana kumbuyo.

Tsopano pakufunika kubwerera kutsidya kukapemphanso magazi kwa anthu omwe aja. Mphekesera za anamapopa za mu 2017 sizinaiwalike kummwera kuno, ndipo amene adzaime pamaso pa agogo kufotokoza kumene magazi oyamba anapita si amene anatenga galimoto. Kalata yopempha centrifuge yaing'ono yoyendera inverter, kuti plasma tizilekanitsira kumudzi komweko, ikadali patebulo la akuluakulu aja.