LA uja anachokera ku tsamba, koma si tiyi ayi

Abale, zoti zitsamba sizichiza ine ndimakana, komanso zoti chilichonse chochokera ku mtengo sichingapweteke munthu nde ndimakaniratu. Taonani LA timalandira kuchipatala tikadwala malungoyu, kuno ku Malawi tinayamba kumwa mu 2007, gwero la amodzi mwa mankhwala awiri ali m'menemo ndi chitsamba cha ku China chotchedwa Artemisia annua. Mayi wina wasayansi, Tu Youyou, ndi anzake anafufuza m'mabuku akalekale a asing'anga akwawo mpaka anazindikira kuti kuwiritsa masambawo kumapha mphamvu yake, nde anayamba kutulutsa mankhwalawo mosatenthetsa kwambiri, kuyesa pa mbewa ndi anyani, kenako mayiwo ndi anzawo ena anamwa kaye eni akewo kuti aone ngati muli poizoni asanapatse odwala. Mu 2015 analandira mphoto ya Nobel, mayi ameneyu ulemu wake.

Pano ena angothyola masamba omwewo nkuphika ngati tiyi, eti ndi zachilengedwe. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limakaniza zimenezo chifukwa mulingo sudziwika, tizilombo ta malungo sitifa tonse ndipo totsalato titha kuzolowera mankhwala, mapeto ake ngakhale LA yemwe osagwiranso.

Ku Belgium kumayambiriro kwa ma 1990, azimayi oposa 100 impso zinawonongeka atamwa mapilisi ochepetsa thupi omwe munali chitsamba cha Aristolochia, ena anadzapezeka ndi khansa. Nde botolo lopanda lebulo akumagulitsa pa depoti lija, loti limachiza shuga, BP ndi nyamakazi lomwelo, analiyeza ndani kaya?