Majezi a timu yathu anapita pa kabaza

Timu ya m'dera lathu, chakuno ku Bembeke, inatsala pang'ono kutha tsiku limodzi lokha. Kwa zaka zitatu inkadalira mkulu wina wogula kachewere mopikula, amene anaigulira majezi, nsapato ndi mipira, ndipo ankalipira lole yonyamula anyamata akamakasewera kutali. Pothokoza, tinalola kuti timu itenge dzina la shopu yake. Tsiku limene anasemphana ndi mphunzitsi wa timu pa nkhani ya mphwake wa mkuluyo amene ankakhala pa benchi, mkuluyo anatuma mnyamata wa kabaza kudzatenga katundu yense, ndipo majezi anawaanula pachingwe adakali onyowa. Loweruka lotsatira anyamata anasewera atavala malaya awo a kunyumba, manambala atalembedwa ndi choko kumsana. Palibe amene akanatha kumuletsa, chifukwa panalibe pepala lililonse losonyeza kuti ife masapota tinali ndi gawo m'timu imene tinkaiimbira mpaka mawu kusasa.

Zimenezi sizichitika kumidzi kokha. Aliyense wotsatira mpira wa m'dziko muno amadziwa mayina amene Maule adutsamo: Bata Bullets, Total Big Bullets, kenako Bakili Bullets, imene m'chaka cha 2004 inafika m'ndime ya magulu ya CAF Champions League, ndipo tsopano ili m'manja mwa Nyasa Manufacturing Company. Manoma, timu ya Wanderers, nawonso akhalapo Limbe Leaf, MTL, Be Forward ndi Mukuru. Silver Strikers imatsamira pa Reserve Bank, pamene Blue Eagles, Moyale, Red Lions ndi Kamuzu Barracks ndi za apolisi ndi asilikali. Ngakhale Dedza Dynamos yathuyi dzina lake limayenda limodzi ndi la kampani imene ikuithandiza pa nthawiyo. Sindikunyoza oika ndalama, pakuti popanda iwo osewera sangalandire malipiro, koma akuluakulu anati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka.

Ku England masapota anaphunzira zimenezi ndi misozi. M'chaka cha 2002 eni ake a Wimbledon analoledwa kusamutsira timuyo ku Milton Keynes, kutali ndi anthu a kum'mwera kwa London amene anakulira nayo. Masapota sanangothera pa kudandaula. Anayambitsa AFC Wimbledon, yokhala m'manja mwa bungwe lawo lotchedwa Dons Trust, m'mene membala aliyense ali ndi voti imodzi kaya ndi wolemera kaya ndi wosauka. Anayambira m'ligi ya pansi kwambiri, pofika 2011 analowa mu Football League, ndipo mu 2020 anabwerera ku Plough Lane, kumene Wimbledon yakale inkasewera, pa bwalo latsopano limene masapota eni ake anathandiza kulipira. Exeter City nayo yakhala ya bungwe la masapota kuyambira 2003. Ku Germany kuli lamulo la 50+1, limene limaonetsetsa kuti mavoti ochuluka akhale ndi mamembala a kilabu ngakhale wamalonda ataikamo chuma chambiri.

Tisanamizane kuti njira imeneyi ilibe minga. Masapota a Portsmouth anapulumutsa timu yawo mu 2013, koma mu 2017 anavota okha kuti aigulitse kwa mpondamatiki wa ku America, Michael Eisner, ndipo a Wrexham anachita chimodzimodzi mu 2021 pogulitsa kwa akatswiri a mafilimu, Ryan Reynolds ndi Rob McElhenney. Thumba la anthu wamba lili ndi malire ake. Chimene chimandigwira mtima ndi chakuti anagulitsa atafunsidwa, atamva malonjezo a ogula, ndipo anali ndi mphamvu yokana.

Kuno kwathu makomiti a masapota alipo, koma ambiri timawamva pamene akufuna kuti mphunzitsi achotsedwe kapena pamene akukangana ndi oimirira pageti kuti alowe ulere. Mukafunsa buku la mamembala, kapena ndalama zimene anasonkha chaka chatha, nkhani imasanduka ina. Chodabwitsa n'chakuti luso limene likufunikalo lilipo kale m'midzi yathu, kungoti lili ndi amayi a banki mkhonde. Iwo amadziwa kugula masheya sabata iliyonse, kulemba m'buku pamaso pa onse, kutseka bokosi ndi maloko atatu amene makiyi ake amasungidwa ndi anthu atatu osiyana, ndiponso kulipiritsa chindapusa aliyense wochedwa, ngakhale atakhala mkazi wa anyakwawa. Bungwe la masapota la ku England, mukalichotsera maloya ndi makompyuta, silisiyana kwenikweni ndi zimenezi.

N'chifukwa chake titakumana pa bwalo la sukulu mwezi watha tinapempha mayi wina wa banki mkhonde kuti akhale msungichuma wathu, ngakhale madoda ena anang'ung'udza kuti sadziwa ngakhale tanthauzo la ofusayidi. Tinagwirizana kuti timu ibwerere ku dzina la mudzi, kuti aliyense wolembetsa azisonkha kangachepe mwezi uliwonse, ndipo kuti wamalonda wofuna kutithandiza alembe dzina lake pachifuwa cha jezi koma katundu akhale wa gulu. Mayiwo anavomera pa mfundo imodzi yokha, yakuti amene sanasonkhe asatsegule pakamwa pa msonkhano, ndipo woyamba kumukhazika pansi anali malume anga.